Mkokomo wa m'galimoto zing'onozing'ono: yambani ndi khutu, guluu abwere pambuyo

Amene anakwerapo Vitz, Passo kapena Mira kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre amadziwa pamene macheza amathera. Mumzinda nkhani zimakoma, wakutsogolo ndi wakumbuyo akumvana bwinobwino. Koma mukangopitirira Nathenje, dalaivala n'kuponda moto mpaka singano kufika pa 90, pansi pa galimoto pamadzuka mkokomo umene umameza mawu onse. Wakumbuyo amayamba kufunsa kuti “mwati bwanji?”, wailesi imakwezedwa, mwana amayamba kuvuta, ndipo pofika pa Zalewa aliyense ali duu, thupi lili lefu chonsecho wangokhala pampando.

Eni galimotozi ambiri anazolowera. Amati ndi mmene zilili galimoto zosamwa mafuta, ukafuna bata ugule yaikulu. Mbali ina akunena zoona. Koma gawo lalikulu la phokoso limene timapirira silinachokere ku fakitale. Labwera ndi ukalamba wa galimoto, matayala amene tinaikako, ndi misewu imene timaiyendetsamo. Ndiye masiku ano, poti pa YouTube padzaza mavidiyo a anthu akumata mapepala onyezimira pansi ponse pa galimoto, ambiri akuthamangira kugula zomata asanamve chimene galimoto yawo ikudandaula. Ine ndimada nkhawa ndi zimenezi, chifukwa phokoso lina ndi chenjezo, ndipo kulikwirira n'kuika moyo pachiswe. Ntchitoyi ili ndi poyambira pake.

Chifukwa chake hatchback imasokosa

Galimoto ya saluni, monga Corolla, ili ndi zipinda zitatu: cha injini, cha anthu ndi buti. Pakati pa buti ndi anthu pali mpando wakumbuyo, chitsulo cha kuseri kwake ndi kathandala kamene kali pansi pa galasi. Phokoso la matayala akumbuyo limayamba latsekeredwa m'buti, n'kufika kwa anthu litafooka. Hatchback, monga Vitz, Passo ndi Mira, ilibe khoma limeneli. Buti ndi chipinda cha anthu n'chimodzi, malata ophimba matayala akumbuyo ali pafupi ndi chigongono cha wokhala kumbuyo, ndipo kumapeto kuli chitseko chachikulu chimene chimagwira ndi mahinji awiri ndi loko imodzi basi. Mapangidwe amenewa, amene anatchuka ku Ulaya ndi Renault 16 mu 1965 ndi Volkswagen Golf mu 1974, ndi amene amatilola kugwetsa mipando n'kulowetsa matumba a chimanga. Ubwino wake ndi womwewo umene umabweretsa phokoso.

Chachiwiri n'kupepuka. Vitz, imene Toyota inayamba kupanga mu 1999, imalemera pafupifupi tani imodzi. Mazda itatulutsa Demio yatsopano mu 2007 inanyadira kuti yachotsako makilogalamu pafupifupi 100. Mira ili m'gulu la timagalimoto timene malamulo a ku Japan salola kuti injini yake ipitirire 660cc kapena kutalika kwake kupitirire mamita 3.4. Kuti galimoto imwe mafuta pang'ono, mainjiniya amapyapyalitsa malata ndi magalasi, n'kuchepetsanso nsalu zochindikala zimene zimakhala pansi pa kapeti. Zimenezi n'zimene zimatchinga phokoso m'galimoto zodula.

Chachitatu ndi msewu. Misewu ikuluikulu ya ku Japan yambiri inathiridwa phula lokhala ndi timipata tolowa madzi, ndipo timipata tomweto timamezanso phokoso la matayala. Kuno misewu yathu yambiri ndi ya miyala yowazidwa pamwamba pa phula, yokhakhala, yokhala ndi zigamba, maenje ndi mabampu a pamalo ochitira malonda. Galimoto imene inkayenda mwakachetechete ku Nagoya ikatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, imakumana ndi dziko lina, ndipo imafika itadya kale zaka zingapo.

Phokoso limalowa m'njira ziwiri, ndipo wofuna kulimbana nalo ayenera kuzisiyanitsa. Lina limadutsa mumpweya: kuwomba kwa mphepo pagalasi, kusokosa kwa tayala pamiyala, kulira kwa injini. Limeneli limalowera pabowo lililonse, m'mphepete mwa chitseko, ngakhalenso kuboola lata lopyapyala. Lina limayenda m'chitsulo: tayala likagunda miyala, kunjenjemerako kumakwera m'mashoko ndi m'mabush mpaka m'thupi la galimoto, ndiye pansi, denga ndi zitseko zimayamba kunjenjemera n'kutulutsa mkokomo wa besi uja umene umamveka m'chifuwa. Loyambalo limatsekedwa. Lachiwirili limafuna kuti kunjenjemerako kuchepetsedwe kumene kukuchokera, ndipo ndi limene limavuta kwambiri m'galimoto zazing'ono.

Mvetserani kaye

Makaniko wabwino wa ku Biwi kapena ku Ndirande, mukamuuza kuti galimoto ikulira, satsegula boneti. Amati, “Bwana, tiyeni tiyende nayo.” Amazimitsa wailesi, n'kutchera khutu. Mwini galimoto akhoza kuchita zomwezo, chifukwa vuto lililonse lili ndi kaliridwe kake ndi nthawi yake.

Kung'ung'udza kwa wuuu kumene kumakula liwiro likamakwera, n'kumasintha mukakhotetsa chiwongolero kumanja kapena kumanzere, nthawi zambiri ndi bearing ya gudumu. Mukakhotera kumanzere kulemera kumapita kumanja, ndiye phokoso likakula, yang'anani mbali ya kumanjayo. Bearing yotha siichedwetsedwa. Ikhoza kugwira muli paliwiro, kapena gudumu kuyamba kugwedera. Kulira kwa kha-kha-kha pokhota pang'onopang'ono, monga potuluka pa filling station, ndi CV joint imene labala wake anang'ambika, girisi n'kutuluka, mchenga n'kulowa. Khobo-khobo wa pamabampu amachokera ku tizitsulo ta stabilizer, ku mabush kapena pamwamba pa shoko. Chiwongolero chikamanjenjemera pokhapokha mukaponda mabuleki, vuto lili pa madisiki. Chikamanjenjemera pakati pa 80 ndi 100, n'kusiya mukachepetsa, magudumu akufuna balansi kapena limu inapindika m'dzenje. Tayala la 165/70R14, limene lili pa Vitz zambiri, limazungulira pafupifupi ka 14 pa sekondi iliyonse galimoto ikamayenda makilomita 90 pa ola. Kamtovu kamodzi kakagwa pa limu, dzanja lanu limagwedezedwa ka 14 pa sekondi kuchokera pa Kalinyeke mpaka pa Chingeni.

Palinso kunjenjemera kwa galimoto itaima. Vitz ndi Passo zambiri za 1000cc zili ndi injini ya masilinda atatu yotchedwa 1KR-FE, ndipo injini ya masilinda atatu mwachibadwa imagwedezeka kuposa ya anayi. Chimene chimatchinjiriza anthu ku kugwedezekako ndi malabala amene injini imakhalapo. Mukaima pa maloboti giya ili pa D, dashibodi n'kumanjenjemera, koma mukaika pa N n'kuchepa, malabalawo ayenera kuonedwa. Akauma kapena kung'ambika, injini imakhala ngati yamangiriridwa pachitsulo chenicheni, ndipo palibe chomata chimene chingathandize. Kuyesa kwina kosavuta n'kosiya kuponda moto muli paliwiro pamsewu wowongoka. Phokoso likatsika pamodzi ndi injini, gwero lake ndi injini kapena ekizozi. Likapitirira momwemo, ndi la matayala, bearing kapena mphepo.

Musaiwalenso tinthu tochititsa manyazi. Jeke ndi sipanala zimene zikungogubuduzika m'buti, tayala la sipeya losamangidwa, nambala yogwira ndi bawuti imodzi, kachitsulo kotchinga kutentha kwa ekizozi kamene kanamasuka. Tulutsani zonse m'galimoto, muyende nayo yopanda kanthu, mumve zimene zatsala.

Matayala ndiwo mutu wa nkhani

Pa zonse zimene munthu angasinthe pa hatchback, palibe chimene chimasintha phokoso kuposa matayala. Apa ndi pamene ndalama iyenera kuyamba kupita, ndipo apanso ndi pamene ambiri timapsinjira chifukwa cha kuchepa kwa m'thumba.

Gwadani pambali pa tayala, mupukute fumbi, mufufuze malembo akuti DOT. Kumapeto kwake kuli manambala anayi m'kabokosi kozungulira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 2318 ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Labala akamakalamba amauma, ndipo tayala louma limapereka kugunda kulikonse kwa msewu ku galimoto osachepetsako. Mano akhoza kuoneka akadalipo, koma mukadina ndi chikhadabo mumamva kuti ndi gwa, ndipo m'mbali muli timing'alu. Tayala lotere limasokosa, komanso pamvula siligwira msewu. Kenako sisitani ndi chikhatho pamwamba pa manowo, kupita kutsogolo n'kubwerera. Mukamva zitunda ndi zigwa, kapena mano akuthwa mbali imodzi, tayalalo ladyeka mosalingana chifukwa cha mashoko otha kapena alayimenti yolakwika. Kulira kwake kumafanana kwambiri ndi kwa bearing, moti anthu ena asinthitsa bearing yabwinobwino vuto lili pa tayala. Kusinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo kumaulula msanga, chifukwa phokoso limasamuka nawo.

Galimoto zina zimafika kuno zitavala matayala a nyengo ya chisanu, olembedwa kuti STUDLESS, okhala ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota pa dzino lililonse. Anapangidwira madzi oundana a ku Hokkaido. Pa phula lotentha la ku Salima amatha msanga ndipo galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. Amenewa ndi ofunika kuwachotsa ngakhale asakusokoseni.

Ndiye pali mpweya. Pamzati wa chitseko cha dalaivala pali kapepala kosonyeza mpweya woyenera, ndipo pa galimoto zazing'onozi umakhala wopitirira pang'ono mabar awiri. Ambiri amapopetsa mpaka atatu, ati kuti ipepuke isamwe mafuta, kapena wopopayo amangoyeza ndi chibakera. Tayala lolimba mopitirira limadumpha pa kamwala kalikonse, limatha pakati, ndipo mkokomo umawonjezeka. Kubweza mpweya pa mlingo wake sikulira ndalama, ndipo kusintha kwake kumamveka tsiku lomwelo. Yezani m'mawa matayala asanatenthe.

Achinyamata amakonda malimu akuluakulu ndi matayala opyapyala m'mbali. Amakongola, sindikana. Koma khoma la m'mbali la tayala ndi shoko yoyamba ya galimoto, ndipo mukachotsa limu ya 14 n'kuika ya 17 mwachepetsa khomalo kwambiri. Pa misewu yathu malipiro ake ndi phokoso, limu zopindika ndi matayala otupa. Amene akufuna bata akhale pa saizi imene galimoto inabwera nayo.

Matayala atsopano ena amabwera ndi chizindikiro cha ku Ulaya, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2012 n'kusinthidwa mu 2021, chosonyeza phokoso m'madesibelo ndi zilembo A, B kapena C. Chimathandiza posankha, koma dziwani kuti chimayeza phokoso limene amamva munthu woima pambali pa msewu, osati wokhala mkati. Palinso phokoso lina lochokera mumpweya wa mkati mwa tayala, umene umalira pa mlingo wa pafupifupi 200 Hz tayala likamagunda msewu. Makampani monga Continental, Pirelli, Michelin ndi Dunlop amamata siponji mkati mwa matayala awo ena kuti aphe phokoso limeneli. Imeneyo ndi ntchito ya ku fakitale. Kumata nokha siponji m'tayala kumaononga balansi ikamatuka.

Chitseko chakumbuyo

Tsegulani buti ya hatchback imene imayenda m'misewu ya fumbi, muyang'ane m'mphepete mwa labala wozungulira chitseko. Mukaona fumbi lofiira litadutsa labalayo n'kulowa mkati, mwapeza njira ya phokoso, chifukwa polowa fumbi phokoso limalowanso. Galimoto ikamathamanga, kumbuyo kwake kumakhala mphepo yozungulira imene imakokera fumbi pachitseko, n'chifukwa chake hatchback imakhala ndi waipa pagalasi lakumbuyo. Mphepo yomweyo imakokanso utsi wa ekizozi. Utsiwu uli ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha umene umapweteketsa mutu, kugonetsa tulo, ngakhale kupha. Labala wotha wa chitseko chakumbuyo ndi nkhani ya moyo wa ana amene akhala kumbuyoko, ndiye asinthidwe msanga.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani pepala pa labala, tsekani chitseko, kokani. Likatuluka mosavuta, pamenepo sipakugwira. Chitani chimodzimodzi kuzungulira chitseko chonse ndi zitseko zina zinayi. Labala wongouma amabwerera mukamutsuka n'kumupaka mafuta a silicone. Girisi ndi oyilo wa injini zimamudya. Wophwanyika ndi wong'ambika ndi wofunika wina.

Pambali pa chitseko chakumbuyocho palinso timalabala tiwiri kapena kuposerapo timene chitseko chimatsamira chikatsekedwa, ndipo pa galimoto zambiri timapotokola ngati bawuti. Tikatha kapena tikalowa kwambiri, chitseko chonse chimasewera pamabampu n'kumapopa mpweya wa m'galimoto, ndiye m'makutu mumamveka bu-bu-bu wolemera amene munthu amalephera kuloza kumene akuchokera. Kutulutsako pang'ono timalabalato, kapena kusuntha kachitsulo kamene loko imakolapo, kumathetsa mkokomo umene wina akanaumatira mapepala a ndalama zambiri osaphula kanthu. Kathandala kophimba buti nako kabwezeretsedwe ngati kanachotsedwa, chifukwa ndi khoma lokhalo limene hatchback ili nalo.

Kuseri kwa bampa yakumbuyo, m'mbali, kuli timawindo tokhala ndi timalabala topyapyala totulutsira mpweya pamene mukutseka chitseko kapena mwayatsa fani. Tikathothoka, phokoso ndi fumbi zimalowa mwaufulu. Tikonzedwe, koma tisatsekedwe, chifukwa mukatseka zitseko zimavuta kutseka ndipo magalasi amachita nthunzi. Pansi pa galimoto palinso mabowo otsekedwa ndi timalabala tozungulira, ndipo pa khoma la pakati pa injini ndi mapazi a dalaivala pamadutsa mawaya. Oika ma alamu ndi masipika nthawi zina amaboola pamenepo n'kusiya pululu. Bowo lolowa chala limalowetsa phokoso lochuluka modabwitsa.

Tsopano zomata

Zonsezi zikakonzedwa, m'pamene zomata zimakhala ndi phindu. Zilipo za mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi ntchito yakeyake. Kusokoneza mitunduyi ndi kumene kumatayitsa anthu ndalama.

Mtundu woyamba ndi mapepala onyezimira aja, a labala wa butyl wokutidwa ndi aluminiyamu, amene amagulitsidwa ndi maina monga Dynamat, STP ndi Silent Coat. Ntchito yake ndi kuletsa lata kunjenjemera. Woimba ng'oma akafuna kuti ileke kulira amangoika chikhatho pakati pa chikopa, sakuta ng'oma yonse. N'chimodzimodzinso apa. Tulutsani tayala la sipeya, mugogode ndi chala pansi pa dzenje lake. Pakati, pamene lata lili lambalambanda, pamalira kuti ndiii, koma m'makona ndi mopindika mumangoti thu. Pamene pakulira mpamene pakufunika chigamba. Kukuta gawo limodzi mwa magawo anayi a lata, kapena theka, kumagwira ntchito yaikulu, ndipo chimene mungawonjezere pamwamba pa apo phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi ndalama ndi kulemera. Lata liyambe latsukidwa, lopanda fumbi ndi mafuta, ndipo chigambacho chidindidwe ndi kagudumu mpaka pasakhale mpweya pansi pake. Posiyidwa mpata pamabisala chinyezi, dzimbiri n'kuyamba.

Pano ndichenjeze mwamphamvu za tepi ya phula yomatira madenga odontha, imene imapezeka m'mahadiweya ndipo imafanana ndi mapepalawa. Ndi yotchipa, ndiye imakopa. Koma galimoto yoimikidwa padzuwa mu Okutobala imatentha mkati kupitirira madigiri 60, nanji ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumene panja pomwe pamadutsa 40. Phula limafewa, limanunkha, limayenderera m'chitseko mpaka kugwira galasi, ndipo kulichotsa ndi ntchito yowawa kuposa kulimata. Ntchito yoletsa kunjenjemera nayonso siliigwira bwino.

Mtundu wachiwiri ndi chotchinga, chinsalu cholemera cha pulasitiki chotchedwa mass loaded vinyl, chimene chimalemera pafupifupi makilogalamu 5 pa sikweya mita. Chimenechi ndicho chimatsekereza phokoso lodutsa mumpweya, ndipo mphamvu yake ili m'kulemera. Lamulo lake ndi losiyana ndi la zigamba zija: chiyenera kukuta ponse, molumikizana bwino, popanda mpata, ndipo pansi pake payalidwe siponji yopyapyala yosamwa madzi kuti chisakhudzane ndi lata. Kuyala pansi ponse pa hatchback kumawonjezera makilogalamu 20 kapena kuposa, ndipo pamafunika kuchotsa mipando ndi kapeti. Pa Mira ya 660cc kulemera kumeneku si nkhani yaing'ono. Ine ndikanayamba ndi buti ndi malata ophimba matayala akumbuyo, n'kuyenda nayo kaye sabata ndisanaganize zopita kutsogolo.

Mtundu wachitatu ndi zomeza phokoso: nsalu zochindikala za ulusi, monga Thinsulate ya kampani ya 3M kapena feluti imene opanga galimoto amaika kuseri kwa mapulasitiki. Zimathandiza pa phokoso losongoka, la siii, ndipo malo ake ndi m'mphako za m'mbali mwa buti, kuseri kwa pulasitiki wa chitseko chakumbuyo ndi pamwamba pa nsalu ya kudenga. Siponji ya matiresi siyoyenera. Imamwa madzi, imachita nkhungu, imaoletsa lata, ndipo imayaka msanga. Makapeti a labala ochindikala ndi mphasa yolemera ya m'buti zimathandizako pang'ono pamtengo wochepa, bola kapeti ya dalaivala ikhale yokoledwa kuti isatsetserekere pansi pa mabuleki. Kunja, mapulasitiki a mkati mwa madigadi, amene amathothoka kawirikawiri m'misewu ya fumbi, abwezeretsedwe, chifukwa popanda iwo mwala uliwonse umamenya lata mwachindunji.

Pogwira ntchitoyi pali malo ofunika kuwaopa. Honda Fit, kuyambira pamene inatuluka mu 2001, thanki yake ya petulo ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye kuboola kapena kukhoma sikuluwu pansi pa galimoto imeneyi n'koopsa. Toyota Aqua ili ndi batire lalikulu pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limazizira ndi mpweya wolowera pa kawindo kamene kali pampandopo. Mukatseka kawindoko ndi nsalu kapena siponji, batirelo limatentha n'kufa msanga, ndipo mtengo wake eni ma hybrid amaudziwa. Mawaya a mtundu wa olenji m'galimoto zotere ali ndi magetsi oti akhoza kupha munthu, asakhudzidwe. Pansi pa chitseko chilichonse pali timabowo totulutsa madzi a mvula, tisamatidwe. Pepala la pulasitiki la mkati mwa chitseko libwezeretsedwe bwino, apo ayi madzi azilowa m'galimoto. Pamene palembedwa kuti AIRBAG pasaikidwe kanthu.

Muyembekezere zotani?

Phokoso limayezedwa m'madesibelo, ndipo kawerengedwe kake n'kosiyana ndi ka makilogalamu. Kuchotsa madesibelo 3 n'kudula mphamvu ya phokoso pakati, komabe khutu limangomva kuti kwasintha pang'ono. Kuti munthu amve ngati phokoso latsika ndi theka pamafunika kuchotsa pafupifupi 10. M'galimoto yaing'ono pamsewu waukulu phokoso limakhala cha m'ma 70, ndipo ntchito yomata, ngakhale yosamala, kawirikawiri imachotsa madesibelo ochepa chabe. Vitz sidzasanduka galimoto yodula ngati Crown. Magalasi ake ndi opyapyala, ndipo kunjenjemera kodzera m'mashoko kudzakhalapobe. Wogulitsa amene akulonjeza kuti simudzamvanso kanthu akukunamizani.

Komabe madesibelo ochepawo ndi ofunika, makamaka kwa amene galimoto ndi ofesi yawo: oyendetsa matakisi, ogulitsa katundu m'maboma, makolo otenga ana kusukulu tsiku ndi tsiku. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amaika malire pa madesibelo 85 kwa maola 8, ndipo mkokomo wa galimoto paokha nthawi zambiri sufika pamenepo. Koma munthu akamakweza wailesi kuti ipose mkokomowo, kapena akamayenda magalasi ali otsegula pa liwiro lalikulu, amayandikira malirewo. Ndipo ngakhale makutu asaonongeke, phokoso losalekeza limatopetsa, pamene dalaivala wotopa pa M1 usiku ndi ngozi kwa aliyense. Za magalasizi, bu-bu-bu amene amabwera mukatsegula galasi limodzi lakumbuyo amatha mukatsitsako pang'ono lina lakutsogolo.

Makampani akuluakulu anatenga njira ina. Nissan inaika m'galimoto ya Bluebird kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makina otulutsa mawu otsutsana ndi phokoso la injini kudzera m'masipika, ndipo Hyundai inachita zomwezo pa phokoso la msewu mu Genesis GV80 ya 2020. Makina oterewa amakonzedwera galimoto imodziimodzi ku fakitale, si oti munthu angagule n'kulumikiza mu Passo.

Chimene mwini Passo angachite n'kuyeza. Foni iliyonse yamakono imalola pulogalamu yoyezera phokoso. Nambala yake si yodalirika kwenikweni, koma pofananitsa za dzulo ndi za lero imathandiza. Sankhani msewu umodzi, liwiro limodzi, magalasi otseka, fani yozima, foni itagwiridwa ndi mnzanu pamalo amodzimodzi pafupi ndi khutu. Lembani nambala musanayambe. Konzani chinthu chimodzi, muyezenso. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza, ndipo mnzanu akadzafunsa mudzamuuza kuti agule zonse. Mpweya wa matayala, katundu wa m'buti ndi timalabala ta chitseko chakumbuyo mukhoza kuziona Loweruka m'mawa osalipira aliyense. Balansi, alayimenti, bearing, mashoko ndi malabala a injini ndi za ku galaja, ndipo zimenezi n'zofunika kukonza ngakhale phokoso likanakhala kuti silikukuvutani. Ndalama ikatsalako pambuyo pa matayala abwino, gulani mapepala a butyl okwanira buti, malata a matayala akumbuyo ndi zitseko ziwiri zakutsogolo.